Makanda Osakwana Masiku ndi Tizirombo Tosamva Mankhwala

Mwana wobadwa pa nthawi yake amakhala m'mimba mwa mayi wake masabata 40 kapena pafupi ndi apo, ndipo amabadwa akulemera makilogalamu 3, kaya kuchepera kapena kupitirira pang'ono. Koma akabadwa masabata 37 asanakwane, a chipatala amati mwanayo ndi wosakwana masiku. Ena otere amalemera makilogalamu 2, ena kilogalamu 1 ndi theka, ndipo alipo ena amene salemera kuposa paketi ya shuga ya ku sitolo. Ana otere si achilendo m'midzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana 13.4 miliyoni anabadwa masiku asanakwane, ndi kuti muno m'Malawi anali ana 14 kapena 15 mwa ana 100 alionse. Ndiko kunena kuti mwa amayi 7 okhala pa mzere ku sikelo, mmodzi adzachira nthawi yake isanafike.

Adani aakulu a mwana wotere alipo atatu: kuzizidwa, kulephera kupuma bwino, ndi tizirombo tolowa m'magazi. Phunziro la mwezi uno lili pa mdani wachitatuyo, pakuti iyeyo wasintha. Jekeseni amene kale ankamugonjetsa masiku ochepa, tsopano kawirikawiri samukhudza konse.

MWANA WONYAMUKA WOPANDA KAMBA

Tizirombo timeneti a chipatala amatitcha mabakiteriya. Ndi tamoyo, tating'ono kwambiri kotero kuti sitioneka ndi maso, ndipo tili ponseponse: pa khungu, m'mphuno, m'matumbo, m'madzi ndi pa nsalu. Munthu wamkulu amakhala nato tsiku ndi tsiku osadwala, chifukwa m'magazi mwake muli asilikali a thupi amene amatidziwa ndi kutipha tikadutsa malire.

Mwana ali m'mimba amalandira ena mwa asilikali amenewa kuchokera kwa mayi wake kudzera mu nsengwa, koma ambiri amawoloka pa miyezi itatu yotsiriza. Chotero mwana wobadwa pa mwezi wa 7 ali ngati munthu amene wanyamuka ulendo usiku, kamba asanamukonzere. Ndiponso khungu lake ndi lopyapyala, losachedwa kusupuka. Matumbo ake ndi anthete. Mchombo wake ndi bala lotseguka lolunjika ku misempha ya magazi. Akagonekedwa m'chipatala, singano ya diripi ndi kachubu kodyetsera ka m'mphuno, zimene zili kumusunga ndi moyo, zimakhalanso makomo amene kachirombo kangathe kulowerapo.

Matenda oyamba pa masiku 3 oyambirira kawirikawiri amachokera m'njira yoberekera ya mayi, makamaka ngati nsupa inasweka kale mwana asanabadwe, maola 18 kapena kuposerapo, kapena ngati mayiyo anatentha thupi pa nthawi ya matenda. Tizirombo ta mtundu wa Streptococcus ndi ta E. coli ndito timabwera ndi njira imeneyi. Matenda oyamba pambuyo pa masiku amenewo amachokera kunja: m'manja mwa womusamba, pa chitenje chomufunditsa, m'kapu yomwetsera mkaka, pa bedi limene agona makanda awiri kapena atatu chifukwa cha kuchepa kwa malo. Apa dzina lomveka kwambiri ndi Klebsiella, kachirombo kamene kamakhala m'matumbo a anthu ambiri popanda kuwavuta, ndipo kamakonda malo a chinyontho monga mosambira m'manja ndi nsalu zosauma bwino.

Aphunzitsi angathe kupereka samu iyi kwa ana a sukulu. Kachirombo ka mtundu wa E. coli kakapeza malo ofunda ndi chakudya chokwanira, kamagawika pakati nkukhala tiwiri pa mphindi 20 zilizonse. Pa ola limodzi timakhala 8, pa maola awiri 64. Kodi pa maola 7 tidzakhala tingati? Yankho lake ndi 2,097,152. Tsono magazi onse a mwana wolemera kilogalamu 1 ndi theka sangadzaze kapu ya tiyi. Nchifukwa chake mwana amene m'mawa anayamwa bwino angathe kukhala pakati pa moyo ndi imfa dzuwa lisanalowe.

ZIZINDIKIRO

Chovuta nchakuti khanda lodwala silichita phokoso. Mwana wamkulu akadwala amatentha thupi ndi kulira, ndipo mudzi wonse umamva. Khanda losakwana masiku limangoti zii. Limaleka kuyamwa, kapena limayamwa mofooka nkusiya. Limagona nthawi yaitali, osatakataka pokhapokha wina aligwedeze. Nthawi zambiri thupi lake limazizira m'malo motentha, ndipo apa mpamene ambiri amanyengeka, namati poti mwana sakutentha ndiye kuti alibe kanthu. Anamwino amaopa kutentha kotsika pansi pa madigiri 35.5 monga momwe amaopera kofika pa 38. Kupuma kumafulumira kufika maulendo 60 pa mphindi imodzi kapena kuposerapo, nthiti zimalowa m'kati, mwina mwana amabuula, mwinanso amaleka kupuma kanthawi nkuyambanso. Mimba ingathe kutupa, masanzi nkukhala obiriwira. Mchombo ungathe kufiira, kununkha kapena kutuluka mafinya. Chikasu chingathe kufika m'zikhatho ndi ku mapazi. Liwombo lingathe kutukuka, ndipo timanja kapena nkhope nkumagwedezeka zokha.

Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi nchokwanira kuti mwana apite ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, ali pa chifuwa cha mayi wake kuti asazizidwe pa njira. M'mabanja ena khanda likafooka akuluakulu amayamba akhala pansi kufunsana ngati ndi tsempho, ndi kuti walakwa ndani. Mlandu wotere ungathe kudikira mpaka mawa, koma samu ija ya mphindi 20 sidikira munthu.

ZIMENE MATENDAWA AMASIYA

Tizirombo tikachuluka m'magazi, thupi lonse limasokonezeka. Magazi amayenda mofooka, manja ndi mapazi zimazizira, impso zimaleka kupanga mkodzo, ndipo nthawi zina magazi amaleka kuundana kotero kuti mwana amatuluka magazi pamene pabayidwa jekeseni. Ana ambiri amene amafa ndi matendawa amafa chotero.

Koma magazi amafika paliponse, ndipo kumene afika tizirombo tingathe kutsalako. Tikafika pa nembanemba yokuta ubongo timayambitsa matenda oumitsa khosi, ngakhale kuti mwa khanda khosilo nthawi zambiri siliuma. Matenda amenewa akatha angathe kusiya zipsera zotseka njira za madzi a m'mutu. Madziwo amadzadza, mutu nkumakula mwezi ndi mwezi kuposa msinkhu wa mwana, maso nkumayang'ana pansi. Mwana wina amachira koma samva. Wina amachedwa kukhala pansi, kukwawa ndi kuyenda, ziwalo zake zili zolimba kapena zolobodoka. Wina amayamba kugwa khunyu. Wina saoneka chilema chilichonse mpaka atayamba sukulu, pamene mphunzitsi amaona kuti mwanayu amavutika kugwira zimene anzake agwira msanga. Ndi bwino aphunzitsi akumbukire zimenezi asanatche mwana kuti ndi waulesi.

Tizirombo tikakhazikika m'fupa kapena m'mfundo ya chiuno kapena ya bondo, khanda limaleka kutambasula mwendo umodzi ndipo limalira poligwira pamenepo. Zikachedwa kuoneka, mwendowo ungathe kudzakhala waufupi. Palinso matenda a matumbo amene amagwira makamaka makanda osakwana masiku: chigawo cha matumbo chimatupa nkuyamba kuola, mimba imatupa, ndipo m'chimbudzi mumaoneka magazi. Matenda amenewa amachepa kwambiri mwa ana omwa mkaka wa m'mawere poyerekeza ndi omwa mkaka wa m'chitini.

Zonsezi zimatsata lamulo limodzi. Tsiku lililonse limene kachirombo kakhala m'magazi kasanakumane ndi mankhwala okapha, mpata wa imfa kapena chilema umakula. Apa mpamene nkhani ya tizirombo tosamva mankhwala ikulowera.

M'MENE TIZIROMBO TINAPHUNZIRIRA KUPIRIRA

M'chaka cha 1928 Alexander Fleming, katswiri wa pa chipatala cha St Mary's ku London, anaona kuti nkhungu ina imene inamera m'mbale yake inapha tizirombo toizungulira. Kuchokera mu nkhunguyo munatuluka penisilini, woyamba wa mankhwala amene lero amatchedwa maantibayotiki. Matenda amene ankapha anthu ambiri anayamba kuchizika ndi jekeseni wa masiku ochepa. Koma polandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1945, Fleming yemweyo anachenjeza kuti anthu akamadzamwa mankhwalawa pang'onopang'ono mosakwanira, tizirombo tidzaphunzira kuwapirira.

Zimachitika motere. Mwa tizirombo mamiliyoni, timakhalapo tingapo timene mwachibadwa tili ndi kanjira kozembera mankhwala. Munthu akamwa mankhwala, tofooka timafa, tolimba timatsala, ndipo tsopano malo onse ndi chakudya chonse ndi zake. Timaswana, ana ake nkukhala olimba ngati makolo. Chodabwitsa china nchakuti mabakiteriya amatha kupatsana nzeru imeneyi ngakhale ali a mitundu yosiyana, monga alimi apatsana mbewu. Tina ta Klebsiella ndi E. coli timatulutsa madzi amene amaswa mankhwala asanatikhudze.

Achikulire akukumbukira za chloroquine. Kale mapiritsi owawa aja ankachiza malungo, kenaka analeka, ndipo m'chaka cha 1993 Boma linawasiya nkuyamba Fansidar. Naye Fansidar anafooka, ndipo m'chaka cha 2007 kunabwera LA. Kachirombo ka malungo si bakiteriya, koma njira yake ndi yomweyo.

Pali mau amene anthu amakonda kunena, akuti thupi la uje lazolowera mankhwala. Mau amenewa ndi olakwa, ndipo kulakwa kwake nkoopsa. Chimene chimazolowera si thupi la munthu ayi, koma kachirombo. Kachirombo kozolowerako sikakhala mwa munthu mmodzi. Kamatuluka ndi chimbudzi, kamalowa m'madzi, kamakwera m'manja, kamapita kwa mkazi wake, kwa mlamu wake, kwa mnansi. Chotero khanda la masiku 4, limene silinalawepo mankhwala alionse chibadwire, lingathe kugwidwa ndi kachirombo kamene kanaphunzira kupirira m'mimba mwa amalume ake amene amagula makapisozi awiri pa msika nthawi iliyonse akamva chimfine. Chimfine chimayamba ndi vairasi, ndipo makapisozi sachita kanthu kwa vairasi. Amangophunzitsa mabakiteriya a m'matumbo amene sanalakwe kanthu. Chimodzimodzinso kumwa otsala a mnzako, kusiya mankhwala pa njira poona kuti wapezako bwino, kutsegula kapisozi nkuwaza ufa wake pa bala, ndi kusungunula mankhwala a anthu m'madzi a nkhuku.

ZIMENE ZINAPEZEKA KU GULUPU

Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu amachitcha Gulupu, madokotala akhala akupima magazi a odwala otentha thupi kuyambira 1998, ndi kulemba kachirombo kalikonse kopezeka ndi mankhwala amene kamamva. M'chaka cha 2017 anasindikiza zimene anapeza pa zaka 19. M'chaka cha 2003, mwa tizirombo 100 ta Klebsiella topezeka m'magazi, 12 tokha ndito tinali tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone, jekeseni wamphamvu amene zipatala zimadalira. Pofika 2016 tinali 90 mwa 100. Ta E. coli tosamva tinali tosakwana 1 mwa 100 m'chaka cha 2003, ndipo pofika 2016 tinali 30. Zonsezi zinachitika pa zaka 13 zokha, nthawi yosakwana kuti mwana abadwe ndi kutha msinkhu bwino. Pa dziko lonse, akatswiri anawerengera kuti m'chaka cha 2019 tizirombo tosamva mankhwala tinapha anthu 1.27 miliyoni, ndipo mmodzi mwa akufa 5 alionse anali mwana wosakwana zaka 5.

Tsono tanthauzo la manambala amenewa limaoneka pa bedi la khanda. Dokotala akaona zizindikiro sangadikire. Amayamba nthawi yomweyo ndi jekeseni wa mitundu iwiri, penisilini kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin. Kuti adziwe dzina la kachirombo ayenera kutenga magazi pang'ono, kuwaika m'botolo lofunda, kudikira kuti tizirombo timere, kenaka kutiyesa ndi mankhwala osiyanasiyana. Ntchito imeneyi imatenga masiku 2 kapena 3, ndipo zipatala zing'onozing'ono zilibe zipangizo zake. Ngati kachiromboko nkomva mankhwala, masiku amenewa satayika, pakuti jekeseni woyamba uja ali kugwira ntchito. Koma ngati nkosamva, khanda limakhala masiku onsewo ngati silinalandire kanthu. Akasinthira ku ceftriaxone, Klebsiella wambiri samvanso. Otsala ndi mankhwala monga amikacin ndi meropenem, okwera mtengo, osapezeka pena paliponse, ndipo m'maiko ena tapezeka kale tizirombo tosamva ngakhale amenewa. Ndiponso gentamicin ndi amikacin angathe kuvulaza makutu ndi impso akapitirira muyeso, nchifukwa chake namwino amayeza khanda pa sikelo asanatunge jekeseni, ndipo jekeseni wa munthu woyenda ndi chikwama m'mudzi ndi woopsa koposa kwa mwana wotere.

CHITETEZO CHIMENE CHILI M'MANJA MWA BANJA

Popeza mankhwala sali odalirika monga kale, ntchito yaikulu tsopano ndiyo kutsekereza kachirombo kuti kasalowe, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi sifuna ndalama.

Imayamba mwana asanabadwe. Malungo, chindoko ndi matenda a m'chikhodzodzo ndi zina mwa zimene zimachititsa mayi kuchira masiku asanakwane, ndipo zonsezi zimaoneka ndi kuchizika ku sikelo. Mayi amene nsupa yasweka kapena matenda amuyamba mwezi usanakwane apite ku chipatala osayembekeza kuti kuche. Kumeneko kuli jekeseni wokhwimitsa mapapo a mwana, ndi mankhwala otchinjiriza tizirombo pamene nsupa yasweka msanga.

Mwana akabadwa, chida choyamba ndi sopo. Aliyense wofuna kumugwira asambe m'manja ndi sopo ndi madzi othira, osati a m'beseni limodzi losambamo onse, makamaka akachoka ku chimbudzi kapena akasintha thewera. Mpondagiya pa khomo la nyumba ya mwanayo ndi wokwanira. Ku chipatala nakonso mayi kapena womudikirira ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati wogwira mwana wasamba m'manja, ndipo namwino wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli. Pa nkhani iyi makolo akale anaona patali: mwambo wa chikuta, woti khanda lisatuluke ndipo lisagwidwe ndi aliyense mchombo usanagwe, unkachepetsa manja ofika pa mwana. Kwa mwana wosakwana masiku nkoyenera kuutalikitsa, alendo aziona ndi maso okha. Koma mbali ina ya miyambo, yopaka phulusa, mwaye, mafuta kapena madzi a zitsamba pa mchombo, njofunika kuisiya, pakuti ndi kuthira tizirombo pa khomo lenileni la magazi. Mchombo ukhale woyera ndi wouma. Kumene a chipatala apereka mankhwala a chlorhexidine, apakidwe pa mchombo pokha, asayandikire m'maso.

Chida chachiwiri ndi bere. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi namati ngwoipa, ndiwo uli ndi asilikali ambiri, ndipo umabweza mbali ya kamba amene mwana anamusiya m'mimba. Ngati mwana alibe mphamvu zoyamwa, mayi afinyire mkaka m'kapu yophitsidwa m'madzi owira, nammwetse monga anamwino amuonetsera. Madzi, phala kapena mankhwala a zitsamba zisalowe m'kamwa mwake.

Chida chachitatu ndi chifuwa cha mayi. M'chaka cha 1978 Dr Edgar Rey wa ku Bogotá, m'dziko la Colombia, anali ndi makanda ambiri ndi makina ofunditsira ochepa, ndipo ana ankapatsirana matenda m'makinamo. Iye anayamba kuika mwana aliyense pakati pa mawere a mayi wake, khungu kukhudza khungu, atavala thewera ndi chipewa chokha, namangidwa ndi nsalu. Njirayi inatchedwa kangaroo, dzina la nyama ya ku Australia yosunga mwana wake m'thumba la pa mimba. Muno m'Malawi inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999. Kwa zaka zambiri madokotala ankadikira kuti mwana ayambe walimba asanamupereke pa chifuwa. Kenaka anayesa kumupereka atangobadwa, m'zipatala za ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, pa ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8. Zotsatira zinatuluka m'chaka cha 2021: mwa ana 100 oikidwa pa chifuwa msanga anafa 12 m'masiku 28 oyamba, pamene mwa odikira anafa pafupifupi 16, ndipo ooneka ndi zizindikiro za matenda a m'magazi anachepanso. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti njirayi iziyamba mwana atangobadwa. Mwana wa pa chifuwa amafunda, amayamwa pafupipafupi, ndipo amagwidwa ndi manja ochepa. Kunyamula mwana usana ndi usiku nkotopetsa, choncho bambo, agogo kapena azakhali alandire mayi kuti apume ndi kusamba. Chifuwa cha bambo chimafunda chimodzimodzi.

Mwana amene wayamba jekeseni amafunika kukhala m'chipatala masiku 7 mpaka 10, ndipo ngati tizirombo tinafika ku ubongo, masabata 2 kapena 3. Nthawi imeneyi njaitali kwa mayi amene wasiya ana ena ndi munda wosapalira, ndipo ena amathawa usiku poona kuti mwana wayamba kuyamwa. Mwana wotere amabweranso patapita masiku ochepa ali woipirapo, tizirombo totsala tili tolimba tokhatokha. Apa abale ndi anansi angathandize koposa dokotala, popalira mundawo ndi kutumiza ufa ndi nkhuni ku chipatala.

Akatuluka, mayi asunge bwino buku la mwana la ku chipatala, m'mene mwalembedwa matenda amene anadwala ndi mankhwala amene analandira, ndipo alionetse kwa mlangizi wa za umoyo wa m'mudzimo. Pa sikelo apemphe kuti ayeze mutu wa mwana ndi tepi, osati kulemera kokha, pakuti madzi a m'mutu akaoneka msanga madokotala a opaleshoni amatha kuwatsegulira njira ubongo usanaonongeke. Pa nyumba aziona ngati mwana adzidzimuka chitseko chikamenyeka, ngati atembenukira ku mau a mayi wake pofika miyezi 6, ndi ngati manja ndi miyendo yonse zikutakataka mofanana. Powerenga miyezi imeneyi achotsepo masabata amene mwanayo anafulumira nawo: wobadwa kutatsala miyezi 2, akakwanitsa miyezi 6 ayerekezedwe ndi mnzake wa miyezi 4.